Za Mai Wosenza Mitolo Yonse Yekha

Abale ndi alongo a ku Ntaja, ku Nsanama, ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Utale ndi ku Phalula, phunziro lathu la mwezi uno linena za nthenda imene iribe bala kapena chotupa, ndipo chifukwa chache ambiri saiyesa nthenda konse. Igwira amai, makamaka apakati ndi oyamwitsa. Tipempha iye wodziwa kuwerenga kuti awerenge mokweza pabwalo, abambo ali pomwepo, pakuti mau ena m'katimu ali ao.

Tiyambe tawerenga ntchito za mai pa tsiku limodzi, monga momwe munthu awerengera mitolo ya thonje asananke nayo kumsika. Tambala woyamba polira, iye wauka kale. Asesa pabwalo, natenga ndowa kunka kumjigo, napeza anzache atandanda. Ndipo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Balaka liri kuswa mtengo, angathe kuima pamzerepo kufikira mthunzi utafupika. Abwera, aphika phala, asambitsa ana a sukulu, nabereka khanda kunka kumunda. Pochoka kumunda sabwera chimanjamanja iai: pamutu pali mtolo wa nkhuni, m'nsalu muli ndiwo zimene wathyola m'njira. Pofika atereka mphika. Madzulo pali kukonola chimanga kapena ulendo wa kuchigayo, kuchapa, kutunganso madzi, kuphikanso, ndi kufunditsa madzi osamba a bambo. Ndipo onse atagona, khanda liuka kufuna bere, kawiri kapena katatu, kufikira tambala uja aliranso.

Izi ndi za tsiku wamba. Koma alipo masiku ena oonjezera. Maliro akagwa m'mudzi, ndiye atunga madzi, naphika, nagona pasiwa. Mbale akagonekedwa m'chipatala, ndiye akamdikira, nagona pansi pambali pa bedi, naphika panja pa mafuwa obwereka. Mfumu ikaitana chitukuko, ndiye asenza mchenga ndi njerwa za sukulu. Tsiku la sikelo ayenda ndi mwana kumsana mtunda wautali. Banki m'khonde ifuna ndalama yache ya sabata, ndipo ndalamayo ichokera ku ganyu, kapena ku mandasi ndi zitumbuwa zimene akazinga usiku ena ali m'tulo.

Wina adzati, Kodi anganga athu sanachite zomwezi, nalera ana khumi osadandaula? Inde anachita, ndipo tiwalemekeza. Koma tikumbukire bwino umo anachitira. Kuno kwathu, mwa Ayao ndi Amang'anja ndi Alomwe, mwamuna ndiye anadza kudzakhala kwao kwa mkazi, ndipo mkazi anakhala pakati pa abale ache: amai ache apa, achemwali ache apo, anganga patsidya pa bwalo. Mtondo umodzi unali ndi minsi iwiri kapena itatu. Udzu ukakula m'munda, anafulula mowa kapena thobwa naitana dima, ndipo makasu ambiri anatha tsiku limodzi ntchito imene khasu limodzi likadatha mwezi. Koposa zonse panali chikuta. Mai atabala anakhala m'nyumba kufikira mchombo wa mwana utagwa, wosagwira khasu, wosagwira mthiko; amai akulu anamphikira, namfunditsira madzi, namphunzitsa kuyamwitsa. Ife a sukulu tinafulumira kuseka miyambo ya m'chikuta, ndipo ina inayeneradi kutha, monga kupaka zinthu zosayera pamchombo. Koma pamodzi ndi zoipazo tinataya chinthu chabwino ndithu, ndicho mpumulo. Lero mai atuluka m'chipatala m'mawa mwache, ndipo tsiku lachitatu timuona kumjigo ndi ndowa pamutu, nitimtama kuti ngwamphamvu.

Zasinthanso zina. Kuchoka kwa amuna si chinthu chachilendo: makolo athu ananka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo Wenela anatenga anthu kufikira chaka cha 1974, pamene ndege yonyamula Amalawi inagwa ku Francistown, Dr Banda naletsa ulendowo. Koma njira ya ku Joni sinamere udzu. Anyamata a ku Machinga ndi ku Mangochi akwerabe basi kunka kumeneko, ena atangokwatira kumene. Mkazi wotsalayo ali mai, alinso bambo: afolera nyumba, afuna feteleza, ayankha mlandu mbuzi ikalowa m'munda wa eni. Mwamuna akatumiza ndalama, abale a kuchimuna aziwerengera. Akapanda kutumiza, ana alirira iye. Ndipo foni, imene tinayesa idzafupikitsa mtunda, nthawi zina ingobweretsa mafunso: Unali kuti dzulo? Ndalama ija wagulira chiani?

Minda yachepa pogawanagawana. Nkhuni zathawira kuphiri chifukwa cha makala, ndipo ulendo umene anganga anayenda pang'ono, mdzukulu ayenda theka la tsiku. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, niphwanso kwambiri mu 2018, ndipo matemba anasowa m'miphika ndi m'misika momwe. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wochedwa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, nakokolola minda. Chaka chotsatira, 2024, kunagwa ng'amba, kotero kuti Boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28. Nkhokwe ikakhala yopanda kanthu, ana safunsa mfumu kapena Boma. Afunsa amai ao. Ndipo amai aowo ndiwo adya pomalizira, nakokota mphika. Kalembera wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti m'boma la Machinga mai mmodzi anali kubala ana oposa 6, pamene m'dziko lonse anali ana 4 ndi kanthu. Ambiri a iwo anayamba kusenza akali atsikana, ngakhale lamulo lalikulu la dziko linakonzedwa mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanafike zaka 18.

Pamwamba pa mitolo yonseyi pali mtolo wina wosaoneka, ndiwo malilime a anthu. Mwana akaonda, ati mai ache sasamala. Pabwalo pakakhala zinyalala, ati mkazi uja ngwaulesi. Akajomba kumaliro, ati adzaika yekha. Akatsegula pakamwa kunena kuti watopa, apongozi amyankha kuti banja ndi kupirira, ndipo anzache aseka, nati, Walira mvula walira matope. Tsono aphunzira kukhala chete. Adziweruza yekha koposa umo ena amweruzira, nayesa kuti amai ena onse atha ntchito zao bwino, iye yekha ndiye wolephera. Sadziwa kuti mnzache wa kuseri kwa mpanda ali kuganiza zomwezo.

Tsono pano tisiyanitse zinthu zitatu, pakuti anthu azisokoneza.

Choyamba ndi chisoni cha masiku ochepa. Amai ambiri, tsiku lachitatu kapena lachinai atabala, alira popanda chifukwa, nakwiya msanga, nachita mantha. Ichi chichokera m'kusintha kwa thupi, ndipo chitha chokha masabata awiri asanakwane, ngati mai apuma ndi kudya. Chikuta chija chinali mankhwala ache.

Chachiwiri ndiyo nthenda imene tiri kunena, imene a chipatala aicha nthenda ya maganizo kapena kukhumudwa, ndipo amai eni ache ati kuganiza kwambiri. Iyi siitha msanga. Ipitirira masabata awiri, nifika miyezi, ndipo ingayambe mai akali ndi pakati. Mai sakondwanso ndi zimene anakondwa nazo kale. Khanda lagona, mudzi wonse uli zii, koma iye maso ali gwa, ali kuwerenga ngongole ndi masiku otsala ufa usanathe. Chakudya sichimkoma. Aiwala mchere m'ndiwo, naiwala chimene walowera m'nyumba. Athawa anzache, nanka kumjigo nthawi imene kulibe anthu. Akalipira ana pa kanthu kakang'ono, nadzilirira pambuyo pache. Ena aona khanda lao ngati la eni, ndipo ichi chiwachititsa manyazi akulu, kotero sanena kwa munthu. Kawirikawiri mai wotere pofika kuchipatala sanena za chisoni iai. Anena kuti mutu uwawa, mtima uthamanga, m'thupi monse muphwanya. Alandira panado, nabwerera, nadzanso mwezi wa mawa ndi mutu womwewo.

Kayendedwe ka nthendayi kali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, imene izungulirazungulira kufikira chingwe chitaifupikira pakhosi. Ntchito ndi nkhawa zimlanda tulo. Munthu wosagona mphamvu zimthera, ndipo ntchito zitsala. Ntchito zikatsala, anthu anena, iyenso adzitsutsa. Kudzitsutsako kumlanda tulo usiku wotsatira. Chifukwa chache kumuuza kuti alimbike kuli ngati kukwapula mbuzi ija kuti ithamange: chingwe chingofupikirafupikira.

Musayese kuti iyi ndi nthenda ya Azungu kapena ya akazi a m'tauni. Dokotala wina, dzina lache Robert Stewart, pamodzi ndi anzache, anafunsa amai 501 amene anadza ndi makanda ao kusikelo pa chipatala cha ku Thyolo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2008 ndi 2010. Mwa amai 10 ali onse, pafupifupi atatu anali obvutika m'maganizo, ndipo mmodzi mwa 7 anali ndi nthenda yeniyeni yaikulu. Anapezanso kuti ana a amai obvutikawo anali ofupikirapo msinkhu poyerekeza ndi anzao. Pambuyo pache anafunsa amai apakati 583 pa chipatala cha ku Mangochi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, anthu okhala monga ife tikhala. Ndipo mu 2014 ananena kuti mmodzi mwa 10 anali ndi nthenda yaikulu, ndipo powerenga ndi odwala pang'ono omwe, mmodzi mwa 5. Amene anagwidwa koposa anali iwo osowa wowathandiza ndi iwo omenyedwa kapena kuzunzidwa ndi amuna ao. Tsono mukaona amai 20 atakhala pamzere wa sikelo ku Ntaja kapena ku Ulongwe, dziwani kuti pakati pao alipo angapo osenza nthendayi, atabvala bwino, ali kumwetulira.

Si ulesi, pakuti igwira kwambiri iwo amene anagwira ntchito koposa. Si ufiti, ndipo banja lotaya nkhuku ndi ndalama kufuna amene walodza lionjezera udani pamwamba pa matenda. Ndiponso tisanene kuti chikhulupiriro chache chachepa. Mau amenewa tawamva pakati pathu, ndipo alasa koposa ena onse. Wodwala malungo timpempherera, ndipo timtengeranso kuchipatala. Palibe amene amfunsa kuti wachimwa chiani.

Nanga tichitenji? Tiyambe ndi nkhani ya ku Harare. Kumeneko dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaona kuti madokotala onga iye ngochepa ndithu, ndipo sangafike kwa onse. Tsono ku Mbare anaphunzitsa amai okalamba 14, naika mabenchi pansi pa mitengo pabwalo la chipatala, kuti munthu wobvutika akhale ndi gogo mmodzi nalankhule. Anthu a kumeneko nthendayi aicha kufungisisa, ndiko kunena kuganiza kwambiri, monga ifenso tinena. Mu 2016 anasindikiza zimene anapeza poyesa anthu 573: itapita miyezi 6, mwa anthu 100 amene anakhala pabenchi, 14 okha anali akali ndi zizindikiro za nthendayi, koma mwa 100 amene sanakhalepo anali 50. Agogowo sanapereke mankhwala. Anamvetsera kufikira munthu atatha mau ache. Pamenepo anamthandiza kuchula mabvuto ache limodzi limodzi, nasankha limodzi lokha, osati lalikulu koposa, koma limene lingatheke, nafuna pamodzi chimene angachite sabata lomwelo, namuuza abwerenso. Anatero kufikira kasanu ndi kamodzi.

Ife agogo tiri nao, ndi mitengo ya mango tiri nayo. Chimene tisowa ndi makutu. Mai wamkulu akaona mnzache wasowa kumjigo, apite, ndipo asakhutire ndi moni.

"Odi, amai a mwana. Masiku atatu sindinakuoneni. Mwagona bwanji?"

"Ndagona bwino, anganga."

"Iai, mwana wanga, maso anuwo sanagone. Ndipatseni mwanayo ndimnyamule, inu mukhale pansi apa."

Pamenepo akhale chete, adikire. Asafulumire kunena kuti ena ali ndi mabvuto oposa awa, kapena kuyamba kusimba za iye mwini ndi umo anapirira. Ndipo zimene wamva asanke nazo kumjigo. Pakuti mai amene chinsinsi chache chamveka kamodzi sadzatsegulanso pakamwa.

Amai a Mvano, a Dorika, a Katolika, ndi anzathu a Dawa a kumzikiti, inu mudziwa kusonkhana munthu atafa: nkhuni zipezeka, madzi apezeka, ufa upezeka, osatumidwa. Kodi sitingasonkhane chomwecho munthu akali moyo? Pogawa ntchito za msonkhano, mai wa khanda mumlumphe, ndipo musamlipitse chifukwa chojomba. Ponka kukaona mwana wobadwa kumene, musenze nkhuni ndi madzi, ndipo mugwire tsache. Taona alendo asanu atakhala pamphasa ali kuyamikira khanda, mai wobala dzana ali kukhitchini kuwaphikira tiyi. Kumeneko si kuzonda iai.

Tsono abambo, mau anu ndi awa. Njinga imene isenza matumba atatu a makala kuchokera kuphiri kufika ku Liwonde ingathenso kusenza zigubu ziwiri za madzi kuchokera kumjigo. Anzanu adzaseka, nadzati munadyetsedwa mankhwala. Asekedi, sabata limodzi lokha. Khanda likayamwa usiku nilikana kugona, litengeni inu, muyende nalo pakhonde, mai agone. Mudye pamodzi, ndipo muone ngati iye wadya. Mukagulitsa thonje kapena nandolo, khalani pansi awiri muwerenge ndalama pamodzi, pakuti nkhawa yambiri ya mai ichokera m'kusadziwa chimene chiripo. Inu a ku Joni, poimba foni yambani ndi kufunsa za moyo wache, ndipo ngati mwezi uno mulibe chotumiza, nenani msanga, asakhale ali kuyang'ana kunjira. Ndipo iye wokweza dzanja pa mkazi wache adziwe kuti kumenya mkazi ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo ankhoswe asabise nkhani yotere pansi pa mphasa. Apongozi nawonso akumbukire kuti iwo anali ndi chikuta.

Kwa inu mai amene mwadzimva m'mau awa: ziripo ntchito zimene zingadikire. Pabwalo posasesa tsiku limodzi sipanaphe munthu. Kuzira nyumba kungadikire mwezi wa mawa. Koma zitatu zisadikire: kudya kwanu, tulo tanu, ndi mankhwala amene a chipatala anakupatsani kuti muzimwa masiku onse. Khanda likagona usana, gonani nanunso, ngakhale mbale ziri zosatsuka. Sankhani munthu mmodzi wosunga pakamwa, mumuuze. Kupempha mchemwali kuti akutengereni mwana kufikira madzulo si kulephera; amai anu anachita chomwecho, koma nthawi imeneyo sanayenera kupempha, popeza manja anali pafupi.

Zikapitirira masabata awiri, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena ku chipatala chaching'ono, ndipo munene zonse: musati mutu wokha, koma kuti sindigona, ndilira, ndiganiza kwambiri. Pemphani akuyeseni magazi, pakuti kuchepa kwa magazi ndi malungo zifooketsanso mai, ndipo nthawi zina ziyenda pamodzi ndi nthenda ya maganizo. Akaona kuti nkofunika adzakutumizani ku chipatala cha Boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Mankhwala alipo, ndipo dokotala adziwa kusankha oyenera mai woyamwitsa. Koma sagwira tsiku limodzi monga panado. Apita masabata awiri kapena anai munthu asanaone kusintha, chifukwa chache musaleke msanga, ndipo mutachira musaleke osafunsa.

Tidziwa chimene ambiri aopa: dzina la Zomba. Mantha amenewa ali ndi mbiri yache, pakuti kuyambira 1910 anthu odwala misala anasungidwa kundende ya ku Zomba, ndipo chipatala chao chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Koma mai wa nthenda ya maganizo si wamisala, ndipo ambiri achira ali kwao, ali kuyamwitsa ana ao, osaona chipata cha kumeneko.

Chatsala chachitatu, chimene chiri chosowa koma choopsa. Mwa amai 1,000 obala, mmodzi kapena awiri asokonezeka mutu m'masabata awiri oyamba. Mai wotere sagona konse usiku ndi usana, alankhula zosalongosoka, amva mau amene ena samva, kapena anena kuti khanda si lache, kapena kuti pali ofuna kulipha. Ichinso chichira ndi mankhwala, koma sichidikira. Chimodzimodzi mai ali yense wonena kuti kuli bwino ndingofa, kapena kuti ana awa adzakhala bwino popanda ine: musayese kuti angolankhula, ndipo musaope kumfunsa poyera ngati aganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumpatsa maganizowo. Musammange ndi chingwe, musamkalipire, musataye masiku kwa woombeza. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera thonje, mankhwala a makoswe ndi a m'nkhokwe, ndi zingwe. Asakhale yekha, ndiponso asatsale yekha ndi khanda. Funani njinga kapena galimoto tsiku lomwelo, ngakhale kuli usiku. Mai wina abereke mwanayo natsagane nao, ndipo pofika muuze namwino tsiku limene anabala ndi masiku amene wakhala wosagona.